Funsani Akalipentala: tebulo long'ambika, mlombwa wopenta ndi mpando wa agogo

Mafunso a mwezi uno ambiri ndi a zinthu zong'ambika ndi zogwedera, sizodabwitsa, ndi nyengo yake. Amene simukuona funso lanu pano musakwiye, mwina lafanana ndi la mnzanu ndiye ndawaphatikiza.

FUNSO: Bambo akalipentala, mu February ndinapangitsa tebulo lodyera la anthu 6 kwa mmisiri wina, linabwera lonyezimira mpaka amayi anzanga akumpingo ankandifunsa kuti ndalitenga kuti. Pano October sanathe koma pakati patseguka mng'alu woti ndalama yachitsulo nkulowa, mbali imodzi yapindikanso moti mbale ikumagwedera. Mmisiri uja akuti vuto ndine, eti ndimaikapo mapoto otentha. Zoona zimenezo? Nanga lingakonzeke? — Mayi wa ku Mufakose

YANKHO: Mayi, poto wotentha amasiya chizindikiro choyera chozungulira pa vanishi, basi. Sang'amba tebulo kuyambira uku mpaka uko. Musavomere mlandu umenewo.

Chachitika ndi ichi. Tebulo lanu linapangidwa mu February, mvula ili mkati, mpweya wa Harare uli ndi chinyontho chambiri, ndipo ndikukayika ngati matabwawo anali atauma nkomwe. Kenako kunabwera May, June, July kouma kuja, August ndi mphepo yake, pano tili pa kutentha kwa October, madzi onse amene anali mkati mwa thabwa atuluka ndiye thabwa lafota. Chofunika kudziwa nchakuti thabwa silifota mofanana mbali zonse. Lili ngati mtolo wa bango womangidwa pamodzi, bango likauma silifupika koma limaonda, ndiye mtolo wonse umachepa m'mimba. Mlitali tebulo silisintha kwenikweni koma mlifupi limachepa, ndipo pa tebulo la masentimita 90 mlifupi kusiyana kwa dzinja ndi chilimwe kumatha kukhala mamilimita angapo ngakhale matabwa ali ouma bwinobwino, nanga akakhala aawisi.

Tsopano gwadani muyang'ane pansi pa tebulolo, tengani tochi ya pafoni. Ndikukhulupirira mupeza kuti pamwambapo anamata ndi guluu pa felemu kuzungulira konse, kapena anakhoma masikuluu olimba mbali zonse zinayi. Thabwa likufuna kufota, felemu yaligwira kuti lisasunthe, ndiye lingatani? Limang'ambika pamene pali pofooka, nthawi zambiri pamene analumikiza matabwa awiri. Mmisiri wodziwa ntchito yake samata pamwamba pa tebulo ku felemu. Amasema timitengo tating'ono tokhala ndi kamlomo, kamlomoko nkumalowa mu kamsewu kamene wakumba mkati mwa felemu, sikuluu nkulowa mu thabwa la pamwamba lokha. Kapena amabowola mabowo otalikirapo osati ozungulira kuti sikuluu izitha kutsetsereka pang'ono. Tebulo limakhala lolimba ndithu, mutha kulinyamula, koma lili ndi mpata wopumira.

Zopindikazo chifukwa chake china nchakuti ambiri amapaka vanishi pamwamba pokha poti ndi pamene kasitomala amaona, pansi nkusiya thabwa lili mbee. Ndiye pansi pamayamwa chinyontho ndi kuuma msanga pomwe pamwamba patsekedwa, thabwa nkupindika. Pansi pamafunika kupakidwanso, ngakhale kamodzi kapena kawiri.

Kukonzeka likonzeka. Koma musalole kuti angothira pati, phala lotsekera ming'alu lija, kapena utuchi wosakaniza ndi guluu mumng'alumo, mvula ikayamba mu November thabwa lidzatupanso nkufinya zimene anathirazo, chaka chamawa mng'alu uli pomwepo. Achotse pamwamba ponse, adule motsata mng'aluwo, apale mbali ziwirizo ziwongoke mpaka zikumane popanda kuwala kudutsa pakati, amate ndi guluu woyera wa matabwa uja, amange ndi makilampu usiku wonse, kenako abwezeretse pa felemu mwa njira ndanena ija. Tebulo lichepa pang'ono mlifupi koma palibe mlendo adzazindikire. Ndipo nthawi yabwino yokonza ndi ino kouma, thabwa lafota kale mpaka pamene limafuna kufika.

Kwa ena amene mukufuna kupangitsa, funso loyamba musanafunse za mtengo wa ndalama likhale lakuti matabwawa adulidwa liti. Matabwa a mipando ya m'nyumba amafunika chinyontho chikhale cha m'ma 10 mpaka 12 peresenti, pali kamakina kokhala ndi timisomali tiwiri kamene amabaya pa thabwa nkuonetsa nambala, amisiri ena ali nako. Opanda kamakina amatsata lamulo lakale lija, thabwa lolimba lokhuthala inchi imodzi, ndiye mamilimita 25, lipatseni pafupifupi chaka chathunthu litasanjidwa pamthunzi, timitengo tili pakatipakati kuti mphepo izidutsa. Kuona maso a nkhono nkudekha, koma masiku ano thabwa latsika mulole Lolemba, Lachisanu ndi tebulo.

FUNSO: Amalume, ndikukwatira mu December ndipo ndikufuna bedi ndi kabati za mukwa. Ndazungulira mashopu angapo aliyense akuti zake ndi mukwa weniweni koma mitengo ikusiyana kwambiri, wina kutchipa theka. Ndingadziwe bwanji kuti sakundipusitsa? Nanga mukwa ndi tiki chabwino nchiti? — Mnyamata wa ku Highfield

YANKHO: Mphwanga, zabwino zonse pa ukwatiwo. Mukwa umene akunenawo ndi mlombwa womwe uja wakwathu, ukaudula umatuluka madzi ofiira. Ndi mtengo wabwino zedi pa mipando chifukwa sufota kwambiri poyerekeza ndi mitengo ina yolimba, umapalika bwino, chiswe sichiukonda, ndipo ukamaucheka umatulutsa kafungo kabwino koti amene anakula pafupi ndi shedi ya kalipentala sangakaiwale. Koma umakula pang'onopang'ono, zaka makumi angapo usanafike pochekedwa, ndiye sungakhale wotchipa. Munthu akakuuza mukwa pa mtengo wa paini, ameneyo ndi paini wovala jekete.

Paini kuno ndi wambiri, amachokera ku minda ya mitengo ya kum'mawa uko, Nyanga, Mutare, Chimanimani, ndipo akampaka mankhwala osintha mtundu kenako vanishi wokhuthala, pa pikicha ya pa WhatsApp simungasiyanitse. Pamaso ndi pamaso nkosavuta. Pitani pamalo obisika, pansi pa bedi kapena kuseri kwa kabati, mukanikize ndi chikhadabo. Paini amalowa, mlombwa sulowa wamba. Yang'anani mfundo, paini amakhala ndi mfundo zozungulira zakuda apa ndi apo pamene panali nthambi. Tsegulani dirowa muone mkati mmene sanapake, ngati muli moyera mwachikasu pomwe kunja kuli kofiirira, mwadziwa. Mlombwa weniweni mtundu wake umalowa mpaka mkati ndipo sukhala wofanana ponseponse, pena pagolide pena pofiira pena pakuda, mizere yake yokhotakhota. Chinthu chikakhala mtundu umodzi ndendende kuyambira mwendo mpaka pamwamba, umenewo ndi mtundu wa m'chitini.

Kunena zoona paini si mdani. Bedi la paini lopangidwa bwino likhoza kukusungani zaka zambiri, ndipo kwa banja longoyamba kumene ine ndingakonde mugule paini wolumikizidwa bwino kusiyana ndi mlombwa wokhomedwa misomali. Chimene chimandinyansa ndi bodzalo basi, kulipiritsa munthu ndalama za mlombwa.

Pali chinyengo china chovutirapo, mabolodi a utuchi wopanikiza aja, chipboard ndi supawood, omatidwa kachikopa kopyapyala ka mtengo weniweni pamwamba. Pamenepa yang'anani m'mphepete. Thabwa lenileni kumapeto kwake kumaoneka timizere topindika ta zaka za mtengo, bolodi lomata limakhala ndi kalamba komatidwa m'mbali ndipo mizere ya pamwamba sikumana ndi ya m'mbali. Mabolodi amenewa pa zitseko za kabati yogona pouma alibe vuto, sapindika wamba. Koma madzi akangowakhudza amatupa osabwereranso, ndipo sikuluu ikazuka kamodzi siigwiranso pamalo omwewo. Ngati mumasamukasamuka nyumba za lendi, ganizani kawiri.

Za tiki. Tiki wa kuno, amene amati mukusi, amachokera ku nkhalango za mchenga za ku Matabeleland North, cha ku Lupane ndi Gwayi uko. Ndi wolemera kwambiri, wofiira moderako, kale ankapangira masilipa a njanji komanso timatabwa ta pansi tija mumationa m'nyumba zakale za ku Avondale ndi Belvedere. Kulimba ndiye palibe mnzake, koma amabunthitsa mano a sowo ndi tchizulo msanga, msomali salola pokhapokha utayamba wabowola, ndiye mmisiri amatchaja zambiri ndipo ali ndi chifukwa. Pa tebulo la pakhonde kapena benchi, tiki. Pa bedi ndi kabati zimene tsiku lina mudzakweza pa lole, ine ndingasankhe mlombwa, msana wanu udzandithokoza. Palinso mbawa, ija yofiira yosalala, mtengo waukulu wotchuka wa mu nkhalango ya Chirinda ku Chipinge ndi mbawa imeneyo, koma matabwa ake abwino sapezeka wamba masiku ano.

FUNSO: Achimwene, ndinaona kabati yokongola pa Facebook ndikufuna andipangire chimodzimodzi. Kalipentala wangoyang'ana pikicha nkunena kuti palibe vuto, ndipereke ndalama zonse agule matabwa. Mtima wanga ukukayika. Ndipange bwanji? — Mlongo wanu, Mabvuku

YANKHO: Chemwali, mtima wanuwo umvereni. Si kuti munthuyo ndi wakuba ayi, dipoziti ndi chinthu chachilungamo chifukwa amisiri ambiri alibe ndalama zogulira matabwa a oda iliyonse m'thumba mwawo. Koma zonse ayi. Ambiri amagwirizana theka poyamba, zotsala katundu akafika pakhomo mwamuona. Ndipo mawu akuti palibe vuto atangoyang'ana pikicha kamodzi amandiopsa kuposa za ndalamazo. Mmisiri weniweni amakuvutitsani ndi mafunso, kabatiyi ikakhala pati, muziikamo chani, khoma ndi lalitali bwanji, pansi ndi pa simenti yoti mumakolopa ndi madzi ambiri kapena ayi. Pikicha simanena kukula kwa chinthu. Kabati imene ikuoneka bwino mu chipinda chachikulu cha ku Borrowdale ikhoza kudya theka la chipinda chanu.

Muuzeni abwere ndi tepi adzayeze yekha, kenako ajambule pa pepala, ngakhale pepala la m'kope la mwana wasukulu, alembe kutalika, mlifupi, kuya, mashelefu angati, madirowa angati, mtengo wanji panja, mtengo wanji mkati ndi kumbuyo. Mawu akuti kumbuyo ndawanena dala, ambiri amaika kabolodi kopyapyala kumbuyo ndipo sikulakwa, bola mudziwiretu. Alembenso tsiku lomaliza ndi ndalama, ndipo mutchule kuti ndi madola a America kapena ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe, nkhani zambiri zimayambira pamenepo. Jambulani pepalalo ndi foni nonse awiri. Mukalipira pa EcoCash sungani uthengawo, mukalipira pamanja alembe kuti walandira.

Kenako pemphani kuti mudzaone katunduyo asanapake chilichonse. Apa ndiye pagona nkhani, vanishi ndi pati zimabisa zambiri. Mukafika yang'anani pamene mwendo wakumana ndi thabwa lopingasa. Njira yoyenera ndi imene timati motisi ndi tenoni, mwendo amaukumba bowo la makona anayi, thabwa linalo amalisema lilime lokwana ndendende m'bowomo, lilimelo kukhuthala kwake pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thabwa. Likalowa mochita kugogoda pang'ono ndi hamala yamtengo, osati kungogwera, osatinso mochita kumenya mpaka kung'amba, ndiye kuti zili bwino. Madawelo, timitengo tozungulira tija, nawonso amagwira ntchito pa kabati ngati ali awiriawiri ndipo alowa mokwanira. Chimene muyenera kukana ndi matabwa awiri ongogundanitsa nkukhoma msomali kapena sitepulo ya mfuti ija, chifukwa kumapeto kwa thabwa sikugwira msomali ndipo guluu amangomwedwa, pakatha miyezi ingapo chinthu chayamba kuvina.

Dirowa itulutseni yonse muone ngodya zake. Mukapeza mano olowana okhala ngati otambasuka kumapeto, amene amati dovetail, mmisiri ameneyo musamutaye, tengani nambala yake mupatsenso abale anu. Mano amenewo amapangitsa kuti mukamakoka dirowa kutsogolo kusazuke ngakhale guluu atatha mphamvu. Si dirowa iliyonse imafunika zimenezo, koma ya ziwiya zolemera kapena ya mabuku, eya.

Pomaliza tengani tepi muyeze kuchokera ngodya ya pamwamba kumanzere kufika ya pansi kumanja, kenako mbali inayo. Manambala awiriwo akafanana kabati ili sikweya. Akasiyana zitseko sizidzatsekeka bwino mpaka kalekale.

FUNSO: Pansi pa sofa yathu pakumapezeka kaufa koyera m'mawa uliwonse, tikasesa mawa kabweranso. Ndi chiswe? — Bambo wa ku Epworth

YANKHO: Chiswe chimabwera ndi dothi, chimamanga timisewu take kuchokera pansi. Kaufa kosalala kotuluka m'timabowo tating'ono tozungulira ndi tizilombo toboola matabwa, mphutsi zake zili mkati zikudya. Timakonda mbali yoyera ya mtengo, ya kufupi ndi khungwa, ngakhale mlombwa umene ndautama pamwambapa mbali yake yoyerayo imafumbwa, cholimba ndi chapakati chofiiracho. Mu felemu ya sofa ndi mmene ena amabisa zidutswa zotere poti nsalu iphimba.

Tembenuzani sofayo, matulani nsalu ya pansi, mubaye thabwa lililonse ndi sikuludiraiva. Limene likulowa ngati lofumbutuka lichotsedwe, aikepo lina, osanyengerera. Otsalawo pakani mankhwala ophera tizilombo ta m'matabwa a ku hadiweya, muwalowetse m'mabowomo, chitirani panja ana ali kutali. Oilo wakuda wa galimoto musapake zinthu za m'nyumba chonde, ndikudziwa ena amatero.

FUNSO: Bambo, timakhala m'mafulati ku Mbare, pamwamba. Tikufuna wodilopu yaikulu ya zitseko zitatu ndi bedi la queen koma masitepe athu ndi opanikiza. Aneba athu yawo inakanika kukwera mpaka anachita kuidula. Tingapewe bwanji? — Banja la ku Mbare

YANKHO: Yezani njira musanayeze chipinda. Chitseko wamba cha nyumba kuno ndi mamilimita 813 mlifupi ndi 2032 kutalika, ndipo felemu imadyako pang'ono, koma chimene chimagwira anthu ambiri si chitseko, ndi pokhotera masitepe. Ndiye wodilopu yanu isapangidwe chinthu chimodzi. Auzeni apange mabokosi atatu osiyana, lililonse chitseko chake, adzawalumikize ndi mabawuti m'chipinda momwemo, pansi pake pakhale chopondera chapadera chokweza masentimita 8 kapena 10 kuti madzi okolopera asamafike pa thabwa. Kuya kwake kukhale pafupifupi masentimita 60, kuchepera apo mahang'ala amagunda chitseko ndipo majekete amakhala opindika mapewa. Siyaninso mpata pakati pa wodilopu ndi denga, apo ayi simudzatha kuiimika.

Bedi nalonso likhale lomasula, kumutu padera, kumiyendo padera, matabwa a m'mbali omanga ndi mabawuti aataliatali. Ndipo gulani matiresi kaye kapena dziwani saizi yake, queen ndi masentimita 152 kwa 188, double ndi 137 kwa 188. Mmisiri awonjezere sentimita imodzi kapena ziwiri kuti zofunda zizilowa. Bedi la queen lifunikanso thabwa lapakati lokhala ndi mwendo wake, popanda limenelo timatabwa togonera matiresi timayamba kugwa pakati.

FUNSO: Akalipentala, tili ndi mpando umene agogo athu aamuna anapanga okha atabwera kuno kuchokera ku Dedza nthawi ya chitaganya. Anatisiya kalekale koma mpandowo ulipo, kungoti miyendo ikugwedera ndipo achimwene anga akufuna kuukhoma misomali. Ine ndikukana. Ndani akulondola? — Mdzukulu, Tafara

YANKHO: Mwalondola ndinu, abisileni hamala achimwenewo. Ngati ndi wa nthawi ya chitaganya, ndiye kuti ndi wa pakati pa 1953 ndi 1963, mpando umenewo wadutsa zaka 60, ndipo mpando sufika zaka zimenezo ngati unapangidwa mwachisawawa. Madoda ambiri amene anabwera nthawi imeneyo kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale a Salisbury, Harare wa lero, anali ndi luso la manja, ena anaphunzira ku mishoni kwawo, ndipo zida zawo zinali sowo, tchizulo ndi chopalira basi. Ndikhulupirira mukautsegula mupeza motisi ndi tenoni zosemedwa pamanja. Chatha ndi guluu chabe komanso lilime lija lafota pang'ono.

Msomali pa thabwa lakale louma chotero umang'amba mwendo, ndipo ngakhale usang'ambe kugwederako sikutha, msomali umangokhala ngati chozungulirapo, bowo nkumakula. Pamapeto pake wodzakonza bwino adzavutika kuuchotsa.

Chitani chonchi. Lembani manambala ndi choko kapena pa timapepala tomata pa mfundo iliyonse kuti mudzadziwe chimene chimalowa pati, chifukwa zosema pamanja sizisinthana malo, mwendo wakumanzere sungalowe kumanja. Gogodani pang'onopang'ono ndi hamala yamtengo, kapena ikani kathabwa pakati, mfundo zogwederazo zituluke. Zimene zili zolimba zisiyeni. Palani guluu wakale yense pa lilime ndi m'bowo mpaka muone thabwa, iyi ndiye ntchito yotopetsa koma musaidumphe, guluu watsopano sagwira pa guluu wakale. Wakalekale uja wopangidwa ndi zikopa ndi mafupa amafewa ndi madzi ofunda, nsanza yonyowa imathandiza, kenako dikirani paume. Yesani kulowetsa popanda guluu. Ngati lilime likugwera momasuka, matanipo kachidutswa kopyapyala ka thabwa, ngakhale chopalidwa chokhuthala chochokera pa chopalira, chiume, kenako musemenso mpaka lilowe mothina. Mukatero pakani guluu mbali zonse ziwiri, lumikizani, ndipo ngati mulibe makilampu dulani malegeni a chubu cha njinga kapena cha galimoto mukulunge mokoka kangapo, amafinya bwino kwabasi. Imikani mpandowo pa simenti yosalala muikepo chinthu cholemera kuti miyendo yonse inayi igunde pansi guluu asanaume, ndipo pasakhale munthu mpaka mawa lake.

Chinanso, musaupale ndi sandipepa kuti uoneke watsopano, pamene pakuda chifukwa cha manja a agogo pasiyeni. Pukutani ndi nsanza yonyowa pang'ono, pouma pakani mafuta a linseed pang'ono chabe, dikirani kanthawi, pukutani otsala onse. Nsanza ya mafuta amenewa musaiunjike pakona, imatha kutentha yokha mpaka kuyaka, iyanikeni panja yotambasula kapena iviikeni m'madzi. Amene munaonapo mmene moto umasesera ku Glen View Area 8, kumene misika ya mipando yapsa kambirimbiri, mukudziwa kuti utuchi, siponji, thinazi ndi nsanza zikakumana sizichedwa.

FUNSO: Mwana wanga wamaliza Form 4 koma sizinayende bwino, amakonda zopalapala. Ndimutumize kusukulu ya ntchito zamanja kapena akangokhala pa shedi ya munthu? — Mayi wa ku Dzivarasekwa

YANKHO: Mayi, zonse ziwiri ngati nkotheka, koma poyambira pakhale pa shedi ya munthu wosankhidwa bwino. Pitani nokha mukaone. Ngati pa shedipo chimene chikumveka ndi mfuti ya masitepulo yokha tsiku lonse, mwana adzaphunzira kuthamanga basi. Funani pamene pali mwala wonolera wodyeka pakati, matchizulo akuthwa, matabwa osanjidwa pamthunzi kudikira chaka chamawa. Miyezi yoyamba adzakhala akusesa, kunola ndi kupala, asadandaule, munthu wosadziwa kunola tchizulo sangaseme tenoni. Magetsi akazima, zimene kuno sizachilendo, wodziwa zida zamanja amapitiriza ntchito anzake atakhala pa benchi kusewera ndi foni.

Pepala nalonso ndi lofunika akadzafuna ntchito ku kampani kapena kunja. Kuno kuli mayeso a boma a ntchito zamanja amene amayambira class 4 kukwera mpaka class 1, ndipo munthu wophunzira pa shedi amatha kukayesedwa akakhala ndi umboni wa zaka zimene wagwira, ndiye abwana akewo azimulembera. Kafunseninso ku Harare Polytechnic za maphunziro a ukalipentala ndi zimene amafuna polowa. Masamu asawathawe, ntchito imeneyi ndi tepi ndi pensulo tsiku lonse.

FUNSO: Ndikubwerera kumudzi ku Ntcheu chaka chamawa. Ndinyamule matabwa a mukwa kuno ndikapangitse konko, kapena ndipangitse kuno? — Bambo wa ku Glen Norah

YANKHO: Matabwa osapanga kanthu musanyamule, mudzavutika nawo pa Nyamapanda, pa Zobue ndi pa Mwanza pomwe. Kuyambira 2023 mlombwa, mbawa ndi msambamfumu zili pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire pakati pa mayiko, kutanthauza kuti zipika ndi matabwa ocheka a mitengo imeneyi sizidutsa malire popanda zilolezo, kuwonjezera pa mapepala a Forestry Commission a kuno. Mipando yopangidwa kale imene mwakhala mukugwiritsa ntchito m'nyumba ndi nkhani ina, komabe kafunseni ku ZIMRA ndi ku MRA, mabungwe a misonkho a kuno ndi a ku Malawi, za katundu wa munthu wobwerera kwawo musanalipire lole, ndipo malisiti musataye.

Kunena zanga, nyamulani zokhazo zimene zili ndi mbiri kapena zopangidwa bwino kwambiri, zomasuka ndi mabawuti, mukulunge ngodya ndi mabulangete chifukwa msewu wa Tete ndi wautali ndipo chingwe cha pa lole chimadya vanishi. Zina zonse kapangitseni konko, amisiri aluso ku Ntcheu ndi ku Dedza alipo ambiri ndipo paini wa ku Dedza ndi ku Chikangawa amapezeka. Mukakafika, pitani pa shedi mukasankhe matabwa nokha, mulembepo dzina lanu ndi choko, muwasiye aume kaye miyezi ingapo inu mukumalizitsa nyumba.